Mabotolo a Oliver

Block 9, Gaborone
4 Febuluwale 2024

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Kalatayi ndapatsira a Jameson, atelala aja a ku Bontleng, amene akubwera kumudziko kudzaona mayi awo. Pa foni ndinasiya kulemba nkhani zazitali, chifukwa foni yanu imakhalira m'manja mwa mwana wanu Shalom, ndipo uthenga wanga amayamba wauwerenga iye, inu n'kumva zotsala.

Nkhani ndi iyi: ndili ndi nyanja m'nyumba. Musaseke. A Mike, mzungu amene tinkaphunzitsa naye masamu, pobwerera kwawo ku Durban anandisiyira thanki yagalasi yaitali ngati mpando wa pabalaza. Madzi ake ndi amchere, ndipo mcherewo umachokera ku Joni. Muli tinsomba tiwiri ta mtundu wa lalanje ta mizere yoyera, nkhono zingapo, ndi makorali. Makoraliwo mutawaona mungati ndi maluwa omera pamwala, koma ndi zamoyo, zimadya, ndipo zikakhumudwa zimadzipinda. Ndikaweruka kusukulu ndimangokhala pamenepo mpaka kuiwala kuphika. Ndisakubisireni, chibwerereni m'dziko lino sindinakondepo chinthu ngati thanki imeneyi.

Koma tsopano yadwala. Pamchenga ndi pamiyala pamera zinthu zofiirira, zonanda ngati mamina a mwana wachimfine, zokhala ndi timathovu kunsonga. M'mawa mchenga umakhala woyera bwinobwino, koma pofika masana zayala paliponse. Nkhono zayamba kufa, ndipo makorali sakutsegukanso. Ndimakwecha miyala, ndimasintha madzi pafupipafupi, koma ndikamayeretsa m'pamene zikuchulukira. Anzanga a pa intaneti oweta nsomba zotere aliyense akunena zake. Wina akuti ndi madayatomu, wina sayano, wina dayino, ndipo akuti chothandiza pa chimodzi chimakulitsa chinzake. Choncho ndisanadziwe dzina la mdaniyu, manja anga ndi omangika.

Lamlungu lapitali, ku mapemphero a Amalawi ku Broadhurst, ndinadandaulira anthu pa nthawi ya tiyi. Onse anaseka, kupatula mayi wina wa ku Karonga dzina lake Tupochile, amene amagwira ntchito mulabu yoyeza magazi. Iwo anati ndiwapititsire pang'ono m'botolo akaone pa maikulosikopu.

Ndiuzeni za kumudzi. Chimanga chafika pati? Nanga malume a Fidelis akupeza bwanji?

Ine mlongo wanu,
Oliver

Luchenza
22 Febuluwale 2024

Oliver mlongo wanga,

Moni wako tamulandira. Tonse tili bwino, malume nawonso ali bwino. Mvula yokha ndiyo ikutichita njomba, chimanga changoti zyolizyoli ngati chikudikira mlandu.

Kalata yako ndinachita kuibwereza kuti mwina ndawerenga molakwa. Ana a eni ake akapita ku Botswana amabwera ndi galimoto, ena mabulangete, koma wanga wakatola nyanja ya mzungu. Alamu ako anafunsa ngati nsombazo zingakwane ndiwo za tsiku limodzi. Nditawauza kuti n'zongoyang'ana, anatuluka panja kukasekera kuseri.

Za matenda a thankiwo sindikuona chovuta. Imeneyo ndi ndere basi. Mtsuko ukamera ndere timaukhuthula, kuukwecha ndi mchenga ndi phulusa, n'kuuyanika padzuwa. Zoti ndikuphunzitse iwe kutsuka ndi zamanyazi, munthu woti uli mwana unkatsuka ndi sopo yemwe ukatha kusamba.

Koma mawu amene andikhala pamtima ndi akuti sunakondepo chinthu ngati thankiyo. Oliver, imvi zayamba kusuzumira m'ndevu zako. Nsomba sizidzakufunsa kuti wadya kapena ayi. Ine zimandipweteka ndikaganiza kuti ukaweruka umalowa m'nyumba mopanda wokuyankha moni.

Ndiye mayi wa ku Karongayo ndi ndani? Ali pabanja? Munthu wosaseka pamene gulu lonse likukuseka, ameneyo ngati si wogontha ndiye kuti ndi wamtima wabwino. Undiyankhe bwinobwino zimenezi, usandiuzenso za nkhono.

Ukapeza wobwera utumize nsapato za kusukulu za Shalom. Phazi lake lafanana ndi langa tsopano.

Ndine mchemwali wako,
Angelina

Block 9, Gaborone
24 Malichi 2024

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Kodi mvula inabweranso? Nsapato za Shalom ndagula, ndipo kalata ino ndaiika m'nsapato yakumanzere kuti isatayike. A Jameson akuti ulendo uno adzera ku Lusaka kukapikula nsalu, koma alonjeza kuti sachedwa.

Phulusa lanu sindinaligwiritse ntchito, likanapha zonse tsiku lomwelo. M'malo mwake ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, pa nthawi ya nkhomaliro kupita ku Broadhurst, botolo lili m'thumba la jekete. Abwana a labuyo amawalola a Tupochile kugwiritsa ntchito maikulosikopu yakale ya m'chipinda chakuseri pa nthawi yopuma. Koma iwo sanathamangire makina. Anayamba akhutchumula botololo mpaka mamina aja anasweka, n'kusefa madziwo ndi pepala lopukutira m'manja, kenako n'kuwaika pawindo. Tinamwa tiyi tikucheza za kumudzi. Pomaliza tiyiyo, madzi amene anali mbee aja anali atapanganso tizingwe tofiirira. Iwo anati fumbi silidzisonkhanitsa lokha, ndiye kuti m'madzimo muli tinthu tosambira tomwe tikutsata kuwala.

Atatero anadontheza dontho pa kagalasi, n'kundiuza zimene tikusaka. Akadakhala madayatomu tikanaona tinthu tonga njere za mpunga tongokhala phee, ndipo amenewo ndi fumbi lofiirira lomwe nkhono zimadya zokha. Akadakhala sayano tikanaona tiulusi tatitali. Anayang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "A Oliver, bwerani muone alendo anu."

Achemwali, ndinaona tinthu tonga njere za chitowe, kalikonse kakuzungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ameneyo ndiye dayino. Ali ndi poizoni, n'chifukwa chake nkhono zinkafa, ndipo ineyo ndinkatsokomola ndikakwecha miyala. Anandilamula kuti ndizivala magolovesi ndi masiki ndikamagwira thanki.

Chomwe chinandidabwitsa ndi gwero lake. Titayeza madziwo tinapeza kuti mulibiretu tizakudya tija timene timagwira ntchito ngati feteleza m'madzi. Ndinayeretsa mopitirira muyeso mpaka tizilombo tabwino tinafa ndi njala, dayino n'kupeza malo opanda wolimbana naye. Mankhwala ake ndi kusiya kusintha madzi, kudyetsa nsomba mokwanira, ndi kuika nyale ina yapadera pa paipi, imene imapha dayino akamayandama. Mukundidziwa inu, kuona madzi akuda pang'ono n'kungopinda manja kunali ngati kundilanga. Koma zatheka. Mchenga wayera, ndipo makorali atseguka onse.

Tsopano ndiyankhe funso lanu. Sali pabanja. Ndipo achemwali, ndimawakonda. Mawuwa sindinawanenepo kwa munthu aliyense, ngakhale kwa eni akewo. Ndikafika pamaso pawo ndimangoyamba za nkhono.

Dayino atatha ndinapeza kachigamba kofiira kuseri kwa mwala, ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Anati ameneyo ndi sayano, ndingomuyamwa ndi kapaipi n'kuwonjezera mphamvu ya pampu. Kenako ndinapititsa ndere yobiriwira yonga tsitsi. Anati imeneyo ndi ndere wamba, ndikanatha kungoizula ndi zala. Pano m'thanki mulibenso chodwala, ndiye ndayamba kutunga madzi abwinobwino n'kumapita nawo. Nkhomaliro ndinasiya kudya chifukwa nthawi yake imathera m'kombi, moti mathalauza ayamba kundikulira.

Vuto lalikulu ndi ili: aitanidwa ntchito ina ku Maun, kutali kumpoto kwa dziko lino, ndipo sanayankhebe. Atandiuza, anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndinenepo kanthu. Mukudziwa zimene ndinanena? Ndinati ku Maun ndi kwabwino, kuli madzi ambiri. Ndinadzitukwana njira yonse yobwerera.

Akapita, sindidziwa kuti ndidzatani. Ndithandizeni nzeru, achemwali. Munthu amayamba bwanji?

Ine mlongo wanu,
Oliver

Luchenza
28 Epulo 2024

Mayi Tupochile,

Moni, mayi. Simukundidziwa, ndipo mundikhululukire polowa m'nyumba mwanu osaodira. Ine ndine Angelina, mchemwali wake wa Oliver, mphunzitsi wa ku Block 9. Kalatayi abwera nayo a Zainabu, a kwathu kuno, amene amagulitsa zitenje pafupi ndi labu yanu.

Ndikulemba misozi ili m'maso. A Zainabu atabwera kumudzi kuno anandikokera pambali n'kundiuza kuti mlongo wanga amamuona kawirikawiri akulowa mulabu mwanu atabisa kabotolo m'jekete. Akuti waonda, lamba wachita kubowola kwina. Akutinso tsiku lina atapita kunyumba kwake anamupeza atavala masiki ndi magolovesi ali yekhayekha, akutsokomola.

Ine si mwana, mayi. Ndikudziwa kuti munthu wopita kulabu ndi kabotolo kobisa amakhala akupereka chiyani. Poyamba anandilembera kuti akukupititsirani ndere ya m'thanki. Ndinakhulupirira, koma tsopano ndikuona kuti ankangonditseka m'maso. Ndere yanji yoyezetsa miyezi yonseyi? Kalata yanga sanayankhe. Nditamuimbira foni anangoti ali bwino, zonse walemba m'kalata imene ali nayo a Jameson, ndipo si nkhani yokamba ana akumva. Mawu amenewo ndi amene andithera mphamvu. A Jameson mpaka lero sanafike, foni yawonso sikupezeka.

Mwanayu ndinamulera ndine mayi athu atamwalira. Ndi wamanyazi, ndipo akadwala amabisa kuti asavutitse anthu. Ali mwana anayenda ndi minga kuphazi mpaka phazilo linatupa, osanena. Ndikudziwa kuti ntchito yanu salola kuulula za odwala, koma ndikukupemphani ngati mayi mnzanga. Ngati ndi chifuwa chachikulu kapena china, ndiuzeni ndikwere basi ndidzamudwazike. Ndipo ngati simungandiuze, chonde muzingomufunsako ngati wadya. Alibe wina kumeneko.

Ine,
Angelina, make Shalom

Broadhurst, Gaborone
9 Meyi 2024

Amayi a Shalom,

Moni, mayi, ndipo zikomo pondilembera. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino. Mundikhululukire Chichewa changa, ndi cha kusukulu, kwathu timayankhula china.

Pukutani misozi. Za odwala sindiulula, n'zoona, koma a Oliver si odwala athu. Magazi awo kapena makhololo awo sindinawaonepo. M'mabotolo aja mumakhala madzi a m'thanki, monga anakuuzirani. Masiki ndi magolovesi ndinawalamula ndine, chifukwa tizilombo timene tinagwira thankiyo timayabwa pakhosi. Chifuwa chinatha tizilomboto titatha. Kuondako ndi njala ya masana, poti nthawi yoti adye amakhala ali pano. Ndayamba kubwera ndi chakudya chambiri, n'kumanamizira kuti chandikanika kumaliza.

Kalata yanu ndinayamba kuiwerenga ndikuseka, koma pomaliza ndinali ndikulira nanenso. Ine ndilibe mchemwali. Sindinkadziwa kuti munthu angadere nkhawa mlongo wake wa ndevu chonchi.

Popeza mwandiyankhula ngati mayi mnzanu, nanenso ndikuuzani zoona. Thanki ija inachira kalekale. Mabotolo amene akubwera masiku ano ndikawayang'ana ndimangopezamo tinkhanu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe ndi tabwino, ndipo timasonyeza kuti madzi ali ndi moyo. Iwo amaima pambali panga nkhope ili yodandaula, n'kumafunsa ngati ndaonamo choopsa. Ine ndimati ndiyang'anenso kachiwiri, kuti tiyi asathe msanga. Anzanga a pantchito anawapatsa kale dzina, amawatcha bambo a mabotolo.

Mayi, ntchito yanga ndi kuyang'ana chinthu n'kuchitchula dzina lake. Chimene chikuwabweretsa a Oliver pano ndinachiona kale, ndipo sichifuna maikulosikopu. Koma chimenechi si ine woyenera kuyamba kuchitchula. Kwathu sanandilere choncho.

Ndaitanidwa ntchito ku Maun, ndipo akufuna yankho mwezi uno usanathe. Nditawauza a Oliver, anandiuza kuti kumeneko kuli madzi ambiri. Ndinapsa mtima tsiku lonse. Kodi kwanuko amuna onse ndi otero, kapena ndi iwo okha?

Kalata yanu sindinawaonetse. Mupereke moni kwa Shalom.

Ine,
Tupochile

Luchenza
19 Meyi 2024

Iwe Oliver,

Moni ndikupatsa chifukwa cha mwambo chabe. Tili bwino. Iwenso ndamva kuti uli bwino, ndipo ndamva kwa munthu wodziwa.

A Jameson afika dzana. Akuti atachoka ku Lusaka anapatukira ku Chipata ku ukwati wa mphwawo, kumeneko anthu anawagwira kuti asoke za akwati, kenako za ena, mpaka anakhala ngati atsegula shopu. Kalata yako yonseyo inali m'nsapato, ine kuno ndikulira maliro a munthu wamoyo. A Zainabu anandiuza za mabotolo ako ndi masiki, ndiye ndinkayesa uli ndi chifuwa chachikulu. Amayi a kumpingo akhala akukupempherera mokutchula dzina. Ndawauza kuti asasiye, angosintha mutu wa pemphero.

Tsopano khala pansi. Chifukwa cha mantha ndinawalembera a Tupochile, ndipo andiyankha. Usandikwiyire, wolakwa ndi iwe ndi nsapato yako. Mayi ameneyo akudziwa kuti madzi ako ndi abwinobwino. Anzake a pantchito akudziwa. Ndikhulupirira kuti ngakhale woyendetsa kombi akudziwa. Wosadziwa kuti anthu akudziwa ndiwe wekha.

Ukufunsa kuti munthu amayamba bwanji. Amayamba ndi kutsegula pakamwa. Munthu akukuuza kuti akuchoka, iwe n'kumuuza za madzi, unabadwa bwanji iwe? A ku Maun akufuna yankho mwezi uno usanathe. Kalatayi ndaipereka kwa kondakitala wa basi ya mawa kuti isagonenso m'nsapato. Ukangoilandira, samba, vala malaya abwino, upite. Botolo ulisiye kunyumba.

Ukandiphonyetsa mlamu ameneyu, Khirisimasi ukadyere kwa nsomba zako.

Mchemwali wako amene umamudwalitsa mutu,
Angelina

Block 9, Gaborone
2 Juni 2024

Okondedwa Achemwali,

Moni nonse. Kodi nsapato zinamukwana Shalom? Kuno kwayamba kuzizira, koma ine sindikukumva.

Kalata yanu nditaiwerenga ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Manyazi ake sindingawafotokoze. Ndinaganiza zodikira kaye mtima ukhazikike, koma nditayang'ana kalendala ndinaona kuti mwezi watsala pang'ono kutha. Ndinapita tsiku lotsatira.

Sindinkadziwa kuti botolo lija linkandigwirira ntchito yaikulu chotero. Popanda ilo manja anga anasowa pokhala. Mayi wolandira alendo, Mtswana wansangala, anandipatsa dumela, moni wa Chitswana wa masiku onse, n'kutambasula dzanja kuti alandire botolo. Nditamuonetsa manja opanda kanthu anaitana anzake ndi maso.

A Tupochile anali m'chipinda chakuseri chija. Anandiyang'ana m'manja, kenako kumaso, n'kufunsa kuti lero ndabweretsa chiyani. Ndinati palibe. Anati ndiye akayang'ana chiyani pa makina. Ndinamva nkhani ya nkhono ikubwera pakamwa, ndinaimeza.

"Musapite ku Maun," ndinatero.

"Chifukwa chiyani? Paja munati kuli madzi ambiri."

"Chifukwa ndimakukondani, ndipo ndikufuna tidzakhale banja."

Ndinanena mokweza kuposa mmene ndinkafunira, moti kuseri kwa chitseko wina anagwetsa supuni. A Tupochile anayamba kupukuta kagalasi komwe kanali koyera kale. Kenako anandiuza kuti ndachedwa, a ku Maun anawayankha kale sabata yatha. Achemwali, ndinagwira tebulo.

"Ndinawakanira," anatero. "Inu ndinali nditakutayani, a Oliver. Koma nditawerenganso kalata ya achemwali anu, ndinati munthu woliridwa chonchi ndimudikire, pakamwa padzatseguka."

Ndinalira pamaso pa anthu, ndipo sindinachite manyazi. Mayi wolandira alendo uja anaimba nthungululu mpaka odikira zotsatira zawo panja anaimirira kufuna kuona.

A Tupochile akuti iwo avomera, koma mawu omaliza ali ndi akuluakulu a kwawo. Ndiye pitani kwa malume a Fidelis mukawauze kuti mphwawo wapeza mbeta, akonzeke ulendo wa ku Karonga. Ndipo a Tupochile anenetsa kuti pa ulendowo inu musatsale, akufuna aone nkhope ya munthu amene anawafunsira poyamba ndi kalata ija.

Ine mlongo wanu,
Oliver